Ba Mudala Afuna Motoka Ya Zitseko Ziwiri: Uwasakire Iti?

Pa Chilenje pali ba mudala ena, aja amene Loweruka lililonse uwapeza panja pa geti atsuka ka Corolla kao ndi ndowa. Kwa zaka 30 anyamula banja lonse: ana ku sukulu, matumba a unga, apongozi ku UTH, ngakhale mbuzi kuchokera ku Chongwe. Manje ana akula, penshoni yatuluka, ndipo aitana mphwao, mnyamata uja foni siichoka m'manja. Ati, "Iwe, nisakilile motoka ya viseko viwili, yokankha na kumbuyo. Nalema kunkala minibasi ya banja."

Mphwa uyo akhoza kukhala iwe mawa. Usaseke, chifukwa ndalama izo sizibweranso kawiri. Ukawagulitsa chinthu chimene chidzagona pa njerwa kuseri kwa nyumba, dzina lako lidzatchulidwa pa msonkhano uliwonse wa banja mpaka ukalambe iwenso.

Choyamba umvetse chimene ba malume apempha. Mu Vitz, Allion kapena Corolla ya masiku ano, mawilo a kutsogolo ndiwo adonsa motoka, ndiwonso akhota. Mu motoka imene iwo afuna, mphamvu ichoka mu injini, ipita mu gearbox, itsata propshaft pansi pa motoka mpaka ku diff, ndipo mawilo a kumbuyo ndiwo akankha. A kutsogolo nchito yao ni kukhota chabe, ndiye chifukwa chake chiongolero chimveka bwino m'manja. Si chinthu chachilendo ai: Hiace imene wakwera m'mawa uno nayo ikankha ndi kumbuyo. Ba malume anaphunzirira pa zotere, nthawi ya Peugeot 504, Datsun 120Y ndi Cressida, ndipo manja ao sanaiwale. Kuipa kwake uzakuona mvula ikagwa. Ukaponda mafuta maningi pokhota pa tala yonyowa, kumbuyo kuthawa, ndipo m'matope a ku Kanyama motoka yopepuka kumbuyo imangozungulira pamodzi.

Apa pali msampha umene wogulitsa sadzakuuza. Zitseko ziwiri si umboni wakuti ikankha ndi kumbuyo. Toyota Celica inasiya zimenezo mu 1985. Honda Prelude ndi CR-Z zidonsa ndi kutsogolo. Audi A5 ndi TT zidonsa ndi kutsogolo, kapena zigwiritsa mawilo onse anayi. Osamvera pakamwa pa munthu wa pa yadi. Gwada, suzumira pansi. Ngati palibe propshaft ndi diff pakati pa mawilo a kumbuyo, sansa fumbi pa buluku uzipita.

Manje tifike pamene mphwa uja analakwira. Iye mtima wake unali pa Toyota 86, imene inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mapasa ake Subaru BRZ, injini ya malita 2.0. Motoka yabwino, sindikana. Koma mimba yake italikirana ndi msewu ndi masentimita 13 chabe, ndipo mpando uli ngati wakhala pa mphasa. Anawatengera ba malume pa yadi ina mu Great East Road. Kulowa analowa bwino, akumwetulira. Potuluka panafunika anyamata awiri, wina dzanja ili wina ili, ba mudala akubuula ngati azula chitsa. Nissan 350Z ni chimodzimodzi, ndipo ili ndi mipando iwiri basi. Mazda RX-8 yokha usaiyandikire ngakhale itchipe bwanji: injini yake ya rotary imwa petulo ndi oilo womwe, ndipo ikafa, makanika woidziwa uzamusaka ndi nyali.

Choncho mayeso oyamba si a injini, ni a mawondo ndi msana. Ba malume alowe ndi kutuluka katatu popanda kugwira denga. Ba mayi nao alowe atavala chitenge chao cha ku tchalitchi, chifukwa akakana iwo nkhani yatha. Ukumbukenso kuti chitseko cha coupe n'chachitali ndi cholema. Pa malo opaka othina a mu Cairo Road sichitseguka chonse, ndipo munthu afunika kudzipinda kuti atuluke. Lamba nayenso akhala kutali kumbuyo kwa phewa, vuto kwa munthu wa phewa louma. Gearbox ikhale automatic. Amene anaimapo pa Kafue Roundabout madzulo adziwa chimene clutch ichita ku mwendo wa kumanzere.

Ukasefa choncho, zotsala ni zochepa, ndipo ine ndiyamba ndi Mercedes CLK ya zaka za 2002 mpaka 2009, makamaka CLK 200 Kompressor ya malita 1.8. Inapangidwira munthu wofuna kuyenda mofatsa, osati wothamanga. Mpando n'wofewa, pakati pa mawindo a m'mbali palibe mzati wotchinga maso, ndipo ukatseka chitseko kamkono kena kamakubweretsera lamba pafupi. Chachikulu n'chakuti pansi pake ni C-Class ya nthawi yomweyo, imene ili mbwee mu Lusaka, ndiye zitsulo za injini ndi za miyendo zipezeka, amakanika nao aidziwa. Matenda ake odziwika ni timing chain imene imatamuka. Upite m'mamawa, injini isanalizidwe, umvetsere masekondi oyamba. Ikachita phokoso ngati miyala m'chitini, iwerengere ndalama ya makanika kapena isiye. Ukapeza boneti yofunda kale pa 07:00, funsa chifukwa chake. Ndipo usalipire ngwee imodzi asanaiike pa kompyuta munthu amene wabwera naye iwe, osati wa wogulitsa.

BMW ndiyo imakoma kuyendetsa, ilo palibe wotsutsa. 3 Series coupe ya E46, ya 1999 mpaka 2006, makamaka ya masilinda 6, ili ndi kulira kumene kukhoza kuwabweza ba malume ku unyamata. Koma zambiri zosunga madzi a injini n'zapulasitiki, zimauma ndi zaka n'kuphulika, ndipo injini ikatentha kamodzi ndalama zayamba kutuluka. Uikwezenso pa rampu uone pamene miyendo ya kumbuyo igwirira thupi, chifukwa pamenepo pamang'ambika. Yotsatira yake, E92, nayo ili ndi kamkono ka lamba, koma inabwera ndi matayala a run-flat popanda tayala la sipeya. Ganiza ba mudala ali pakati pa Luangwa ndi Nyimba, dzuwa lilowa, tayala lang'ambika pa dzenje. 335i ya ma turbo awiri uisiyire anyamata amene salipira renti.

Ngati ba malume sakhulupirira za ku Germany, pali Nissan Skyline coupe ya 2003 mpaka 2007. Injini yake ya malita 3.5 n'ya banja limodzi ndi za mu Murano, Elgrand ndi Fuga, ndipo n'yolimba. Koma petulo imwa ngati munthu wochoka ku munda, ndipo pa penshoni icho si chinthu chaching'ono.

Pa zonse zitatu pali chinthu chimodzi chimene anthu amachizindikira mochedwa. Injini ya coupe ifanana ndi ya inzake ya zitseko zinayi, koma thupi ai. Chitseko, galasi la pa chitseko, nyali za kumbuyo, bampa, zonse n'zake zokha. Minibasi ikakupsompsona pa Lumumba Road, kapena anyamata akaswa windo usiku, motoka ikhoza kuima milungu kudikira galasi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Japan. Ndiye usanagule, tenga pepala upite ku Panganani Road. Funsa mitengo ya galasi la chitseko, nyali ya kumbuyo, kamakina kokweza windo ndi water pump. Ngati mashopu atatu akuyankha kuti "tizaoda", wamva kale mmene moyo wa ba malume udzakhalira.

Nanga uitanitse kunja kapena ugule pano? Mtengo umene uona pa intaneti nthawi zambiri uthera pa doko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali wokuombolera pa doko, ulendo wodutsa Tanzania yonse, msonkho wa ZRA umene uyendera kukula kwa injini ndi zaka za motoka, msonkho wa utsi, chiphaso cha Interpol, kulembetsa ku RTSA ndi inshuwaransi. Motoka zonse ndatchula zapitirira zaka 5 kalekale, ndiye zigwera mu gulu la zakale. Kuchoka pa Nakonde kufika mu Lusaka ni makilomita pafupifupi 1,000, ndipo motoka yotsika chonchi m'manja mwa dalaivala waganyu wothamangira kubwerera imafika ndi mabala pansi. Ikwezeni pa lole yonyamula mamotoka. Upemphenso auction sheet ya ku Japan: ukaona chilembo R, dziwa kuti inagundapo n'kukonzedwa.

Kugula pano kuli ndi ubwino wakuti ba malume aikhalamo asanalipire. Koma dzifunse kuti ndani anali nayo. Coupe yokankha ndi kumbuyo mu tauni muno kawirikawiri idutsa m'manja mwa anyamata a spinning. Ona matayala a kumbuyo ngati atha kuposa a kutsogolo. Tsitsa wailesi, umvetsere ngati diff ilira poyenda. Khota pang'onopang'ono chiongolero chili kumapeto: matayala a kumbuyo akamadumphadumpha, wina anaiwotcherera diff. Nambala ya chassis ifanane ndi ya pa white book, dzina la pa white book lifanane ndi la pa NRC ya wogulitsa, ndipo kusintha dzina ku RTSA kuchitike nthawi yomweyo, osati "tizachita month end". Pa ndalama zonse, patula gawo la matayala, oilo, mabuleki ndi batire. Motoka ya zaka 15 siifika yopanda njala.

Mphwa uja anayesa njira yachidule. Ati, "Ba malume, nanga Mark X? Nayo ikankha na kumbuyo, V6, masipeya ali paliponse." Kunena zoona, mnyamata anakamba zanzeru, ndipo ine ndikanakhala wosunga chikwama ndikanavomera. Ba mudala anamuyang'ana nthawi yaitali. Ati, "Viseko vinayi ndiye vinanipasa nchito yonyamula bantu. Unamvela vamene ninakamba?"

Anatenga CLK yasiliva, ya munthu wina wa ku Woodlands amene anali ndi malisiti a galaji odzaza envulopu. Timing chain anasintha mwezi woyamba, ndi ndalama ija anapatula. Ka Corolla sanagulitse: kali pansi pa mtengo wa mango kudikira mvula ya January ndi maulendo a ku munda. Sabata yatha mphwa anawaona pa malobotsi a pa Kabwata, mawindo onse anayi ali pansi, chigongono panja. Kumbuyo kunali apongozi, atapindika, thumba la unga pa miyendo.