Za Kusankha Nsomba Zokhala Pamodzi m'Bokosi la Galasi

Ku Ulaya ndi ku America anthu amasunga nsomba zamoyo m'mabokosi a galasi, osati za ndiwo ai, koma zongopenya. Mwa zimene azikonda koposa muli mbuna, tinsomba ta m'miyala ya Nyanja yathu ya Malawi, monga ku Nkhata Bay ndi ku Likoma.

Wofuna kuzisunga acenjere posankha. Mbuna yamphongo imalonda phanga lace, nipitikitsa inzace yofanana nayo maanga kufikira kuipha. M'nyanja yogonjayo ithawira kutali, nanga m'bokosi idzathawira kuti? Cifukwa cace sankhani mitundu yosiyana maanga, unjikani miyala yambiri yobisalamo, ndipo yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinai. Yacikasu ija, yochedwa Labidochromis caeruleus, njofatsa ndithu. Melanochromis auratus, ya mizere yakuda, njaukali woposa msinkhu wace. Woyamba kumene aileke.

Tinsomba ta ku mtsinje wa Amazon, monga neon tetra, musatiikemo, cinkana tiwala ngati mikanda: madzi a kwao ngosiyana ndi athu, ndipo mbuna zidzatizunza. Madzi a mbuna akhale ofunda, madigiri 24 kufikira 28.

Mbuna zambiri zimadya ndere za pa miyala; cakudya ca nyama cikacuruka, zitupa mimba nizifa. Koma mukaona yaikazi yatupa kukhosi nikana kudya, musaope: yafungatira mazira m'kamwa, ndipo patapita masabata ngati atatu idzalavula ana amoyo.

Dziwaninso kuti ku Cape Maclear, kumene Boma linapatula malo osungirako zolengedwa m'caka ca 1980, kugwira mbuna nkoletsedwa.