CHIMENE CHIMAPOTOZA CHIGOBA CHA KAMBA

M'midzi ya kwa Khwethemule, pafupi ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo, ana akatola kamba kumunda amamutsekera m'chidebe ndi kumamupatsa mkute wa nsima, nyemba ndi usipa. Amatero chifukwa cha chifundo, koma chifundo chotere chimalumaza nyamayi.

Chigoba cha kamba ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi nthiti ndi msana, ndipo pamwamba pake pali mamba ouma onga chikhadabo cha munthu. Kamba wamng'ono akadya zakudya zomanga thupi zochuluka, amakula mofulumira kuposa mmene fupa lingakhwimire, ndipo impso zake zimalemedwa. Mamba aja amayamba kutukuka, lililonse ngati kachulu. Akasoŵanso kashiamu, mchere womanga mafupa, pamodzi ndi dzuŵa limene limathandiza thupi kupanga vitamini D, chigoba chimafeŵa ndi kupindika. Kamba wotere amayenda movutika, ndipo wamkazi angalephere kuikira mazira. Chigoba chikapotoka sichiwongokanso.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaloza chala zakudya zomanga thupi zokha. Koma m'chaka cha 2003 Wiesner ndi Iben a ku Vienna, atalera ana a kamba wamkulu wa kumalire a chipululu cha Sahara, anapeza kuti mpweya wouma ndiwo unatukula mamba kwambiri kuposa chakudya. Kuthengo kamba wamng'ono amabisala pansi pa udzu ndi masamba onyoŵa. Chotero ngakhale ku Thyolo, dziko la chiperoni, kamba wosungidwa m'chidebe kapena pasimenti amakhala ngati ali m'chilala.

Akamba onse sadya zofanana. Kamba wamkulu wamaŵanga onga a kambuku ndi wodya udzu, ndipo kuthengo amatafuna mafupa akale kuti apeze kashiamu. Kamba wamng'ono amene chigoba chake chimatsekeka kumbuyo, amene m'chaka cha 1931 anapatsidwa dzina la zombensis kuchokera ku Zomba, amadya boŵa, nkhono ndi abongololo pamodzi ndi masamba. Koma nsima, mkaka ndi ndiwo zamchere siziyenera aliyense wa iwo.

Amene akusamala kamba ayenera kumupatsa bwalo la dothi lokhala ndi dzuŵa ndi mthunzi, madzi osaya, udzu, chisoso ndi nkhwani, ndi kuwazapo zikhungwa za mazira zosinja. Udzu wa m'mphepete mwa minda yopoperedwa mankhwala ndi woopsa.

Komabe kamba ndi nyama yakutchire, ndipo za kusunga nyama zotere amalamulira ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Makolo angachite bwino kuuza ana kuti kamba wopezeka kumunda amusiye apitirize ulendo wake, pakuti kuthengo amapeza yekha chakudya, dzuŵa ndi chinyontho pa muyeso woyenera.