Mileme ingathandize kuchepetsa udzudzu pakhomo, koma siingalowe m'malo mwa neti

NTCHEU: Dzuwa likangolowa m'dera la Nzama m'boma la Ntcheu, mileme imayamba kutuluka m'madenga, m'mphako za mitengo ndi m'mapanga a m'mapiri. Anthu ambiri amaida chifukwa cha fungo la zitosi zake ndi phokoso limene imachita kudenga, ndipo ena amaiganizira zaufiti. Komabe, m'zaka zaposachedwa pamveka ganizo loti mabanja azikopa mileme kuti izikhala pafupi ndi nyumba n'cholinga choti izidya udzudzu umene umafalitsa malungo. Alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi mafumu akuyenera kudziwa pamene ganizoli lili loona ndi pamene limapyola muyeso asanalitengere kwa anthu.

Padziko lonse pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, ndipo m'dziko muno mwapezeka mitundu yoposa 60. Ina imadya zipatso ndi timadzi ta m'maluwa, monga ija imasonkhana miyandamiyanda kumalo osungira nyama a Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira mu Okutobala mpaka Disembala. Koma mitundu yambiri ndi ing'onoing'ono ndipo imadya tizilombo touluka. Posaka usiku, mleme umatulutsa mawu amene khutu la munthu silingamve, ndipo mawuwo akagunda kachilombo n'kubwerera, umadziwa pamene kali. Mileme yoyamwa magazi ilipo mitundu itatu yokha ndipo yonse imapezeka ku America. Mu Africa mulibe.

Nthawi zambiri anthu amanena kuti mleme umodzi umadya udzudzu mazanamazana pa ola limodzi. Chiwerengerochi chinachokera pa kafukufuku amene Donald Griffin ndi anzake anafalitsa m'chaka cha 1960 ku America. Iwo anatsekera mileme m'chipinda momwe anaikamo udzudzu, ndipo anaona kuti ina imagwira pafupifupi udzudzu 10 pa mphindi imodzi. Anthu ena anangochulukitsa chiwerengerocho kuti chikwane ola lathunthu. Vuto ndi loti kunja mleme umakhala ndi zakudya zambiri zosankha, monga agulugufe ausiku, zikumbu ndi ngumbi, zomwe ndi zonona kuposa udzudzu. Akatswiri akayeza zitosi za mileme amapezamo udzudzu ndithu, koma nthawi zambiri umakhala gawo lochepa la chakudya chake.

Ganizo logwiritsa ntchito mileme polimbana ndi malungo si lachilendo. Dokotala wina wa mumzinda wa San Antonio ku Texas, Charles Campbell, anamanga nsanja ya mileme pafupi ndi nyanja ya Mitchell m'chaka cha 1911, ndipo mileme inadzakhalamo yambiri. Iye ankakhulupirira kuti inachepetsa malungo m'deralo, koma akatswiri ena anatsutsa kuti panalibe umboni wokwanira. M'chaka cha 1929, nsanja ina yotere inamangidwa pachilumba cha Sugarloaf Key ku Florida. Mileme sinakhazikikemo, ndipo nsanjayo inagwa ndi namondwe m'chaka cha 2017.

Palinso chifukwa china chofunika kuchimvetsa. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo kuno kwathu, umakonda kuluma usiku anthu ali mtulo, ndipo wambiri umalowa m'nyumba n'kumakhala pazipupa. Mileme imasaka kunja, ndipo ina imauluka pamwamba kwambiri. Choncho udzudzu umene walowa kale kuchipinda sungagwidwe ndi mleme. Banja limene lingasiye kugona m'neti poganiza kuti mileme ikuliteteza lingaike ana aang'ono ndi amayi oyembekezera pachiswe.

Phindu la mileme limene lili ndi umboni wochuluka ndi la kumunda. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya Science m'chaka cha 2011 anayerekeza kuti mileme imapulumutsira alimi a ku America ndalama zosachepera madola 3.7 biliyoni pachaka podya tizilombo toononga mbewu. Ku Limpopo m'dziko la South Africa, akatswiri a payunivesite ya Venda anapeza kuti mileme imadya tizilombo toononga mtedza wa makadamia. Ku Texas, mileme imadya agulugufe amene amaikira mazira a ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinasautsa alimi a chimanga m'dziko muno mpaka boma linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Kwa alimi a ku Nzama ndi madera ena a m'boma la Ntcheu, amene amadalira chimanga, kabichi, tomato ndi mbatatesi, mfundo imeneyi ndi yofunika.

Munthu wofuna kukopa mileme akhoza kukhoma bokosi la matabwa osapala komanso osathiridwa mankhwala ophera chiswe. Bokosilo likhale lalitali pafupifupi masentimita 60, lotseka bwino pamwamba ndi m'mbali kuti mvula isalowe, koma lotsegula pansi. Mkati mwake muikemo matabwa otalikirana masentimita awiri okha, chifukwa mileme imakonda malo opanikizika, ndipo mpata waukulu umakopa mavu ndi mbalame. Matabwawo akhale okhakhala kapena olembedwa mizere ndi sowo kuti mileme izitha kugwira. Bokosi likhomedwe pamtengo woimika kapena pakhoma, mamita anayi kuchokera pansi kapena kuposerapo, pamalo pofika dzuwa, kutali ndi magetsi, ndiponso pomwe amphaka sangafikepo. Lisakhale pamwamba pa chitseko, chitsime, khitchini kapena malo osewerera ana chifukwa zitosi zimagwera pansi. Mwini bokosi ayenera kufatsa, popeza mileme ikhoza kutenga chaka kapena kuposerapo isanalowemo, ndipo nthawi zina siibwera n'komwe.

Kusunga mitengo ikuluikulu yachilengedwe kumathandiza kuposa bokosi. Mitengo yakale yokhala ndi mphako ndiyo nyumba zenizeni za mileme, ndipo ikadulidwa n'kuotchedwa makala, mileme imathawira m'madenga a sukulu, zipatala ndi matchalitchi. Kupopera mankhwala ophera tizilombo mopyola muyeso m'madimba kumachepetsanso chakudya chake.

Pamene mileme yalowa kale kudenga, kuithira poizoni kapena kuifukiza utsi si njira yabwino. Yakufa imawolera momwemo, ndipo ina imadzalowanso ngati mipata sinatsekedwe. Njira yoyenera ndi kupeza mipata yonse, kutseka ina n'kusiya umodzi, ndipo pamenepo kuikapo chotchinga chimene chimalola mileme kutuluka koma osabwereranso. Ntchitoyi isachitike kumayambiriro kwa dzinja pamene mitundu yambiri imakhala ndi ana osatha kuuluka. Bungwe la African Bat Conservation, lomwe limachita kafukufuku wa mileme m'dziko muno, lakhala likupereka uphungu pa nkhani zotere, ndipo nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ingathenso kuthandiza.

Pa zaumoyo, lamulo ndi limodzi: mleme usagwidwe ndi manja. Mileme ina imakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda ofanana ndi chiwewe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Mtundu wina wa mileme yodya zipatso yokhala m'mapanga umasunga kachilombo ka Marburg, kamene kanapha anthu ku Tanzania m'chaka cha 2023 ndi ku Rwanda m'chaka cha 2024, choncho kulowa m'mapanga a mileme ndi kudya nyama yake n'koopsa. Zitosi zake ndi manyowa abwino, koma fumbi lake likhoza kuyambitsa matenda a m'mapapo. Posesa, munthu awaze madzi kaye ndipo atseke pakamwa ndi pamphuno.

Dziko la Malawi linali loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana mu Epulo 2019, ndipo m'chaka cha 2021 boma linakhazikitsa kampeni yofuna kuthetsa matendawa pofika 2030. Njira zodalirika zikadali zomwe zija: kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, kukwirira maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi momwe udzudzu umaswana m'masabata awiri okha, amayi oyembekezera kulandira mankhwala oteteza kusikelo, komanso kukayezetsa magazi thupi likangotentha.

Alangizi akamayendera midzi ya ku Nzama, uthenga woyenera ndi woti mileme isaphedwe chifukwa imathandiza kumunda ndipo imadyako udzudzu wina. Amene akufuna kukhoma bokosi akhome motsatira malangizo, koma usiku ukafika, aliyense m'banjamo agone m'neti.