Byju's: kumene antchito anayamba kutopa kampani isanagwe

Mu Okutobala 2022, kampani ya maphunziro a pa intaneti ya Byju's ya mumzinda wa Bengaluru ku India inalengeza kuti ichotsa antchito 2,500 pofuna kuchepetsa ndalama zimene imagwiritsa ntchito. Mwezi usanathe, inalengezanso kuti katswiri wa mpira Lionel Messi akhala kazembe wake. Chaka chomwecho dzina lake linali pa zikwangwani za World Cup ku Qatar, ndipo mtengo wa kampaniyi unkawerengeredwa kufika madola 22 biliyoni. Amene akufuna kudziwa utsogoleri wa a Byju Raveendran, mphunzitsi wa masamu amene anayambitsa kampaniyi ndi mkazi wawo Divya Gokulnath mu 2011, ayambire pa milungu imeneyi: ndalama zotchukira zinalipo, zosungira anthu pantchito ndiye zinasowa.

Atolankhani a BBC ndi ena atacheza ndi ogulitsa maphunziro a kampaniyi, madandaulo awo ankafanana: kuweruka usiku, kukalipiridwa ndi mabwana, komanso kupatsidwa chiwerengero cha makasitomala chosatheka kuchikwanitsa. Akuluakulu a kampaniyi ankakana zonsezi. Koma munthu woopa kuchotsedwa ntchito sasankha kasitomala. Amakakamira kholo lililonse, ngakhale losauka, mpaka lisainire ngongole yolipirira maphunziro a pa intaneti. N'chifukwa chake mu Disembala 2022 bungwe la boma loona za ufulu wa ana ku India linaitanitsa a Raveendran kuti akayankhepo pa madandaulo a makolo. Wantchito wofinyidwa uja ndi kholo lopusitsidwa lija onse anapwetekedwa ndi dzanja limodzi.

Ena amati kampani yatsopano imakula ndi thukuta, ndipo wolowako amadziwiratu kuti tulo tichepa. Thukuta lokha sitikulitsutsa. Komabe mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza kuti kutoperatu kwa antchito kumachokera ku mavuto apantchito amene akhalitsa osakonzedwa, ndipo wokonza mavuto apantchito ndi bwana, osati wantchito. Enanso amati chinagwetsa Byju's ndi kutsegulidwa kwa sukulu mliri wa Covid-19 utachepa. N'zoona kuti malonda anatsika. Koma si mliri umene unalamula kampaniyi kugula kampani ya WhiteHat Jr pa madola 300 miliyoni mu 2020, kenaka ya Aakash pa ndalama zoyandikira biliyoni imodzi mu 2021, n'kukongolanso madola 1.2 biliyoni chaka chomwecho. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Umboni waukulu unachokera kumwamba komweko. Mu Juni 2023, kampani yowerengera ndalama ya Deloitte inasiya kugwira ntchito ndi Byju's chifukwa malipoti a zachuma ankachedwa, ndipo mamembala atatu a bodi anatula pansi udindo. Kampani ya Prosus, imene inaikamo ndalama zambiri, inanena poyera kuti atsogoleri a Byju's ankanyalanyaza malangizo. Ngati eni ndalama sankamvedwa, nanga mnyamata wogulitsa maphunziro pa foni akanadandaula kwa yani?

Pofika 2024 malipiro anayamba kuchedwa, Prosus inawerengera gawo lake kuti lilibenso mtengo, ndipo mu Julaye khoti linatsegula mlandu wa kulephera kubweza ngongole. Wodandaula amene anatsegulitsa mlanduwo anali bungwe la masewera a cricket la BCCI, limene linkafuna marupi pafupifupi 1.58 biliyoni a malonda otsatsa dzina la Byju's pa yunifomu ya timu ya dziko.