Musataye modemu yanu, ingoipezerani rauta

ULONGUÉ: Chiyambireni ntchito kampani ya Movitel mu 2012, nsanja za mafoni zafika kumidzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano, ndipo mabanja ena ali ndi kamodemu ka USB kolowetsamo SIM khadi. Vuto nlakuti kamatumikira kompyuta imodzi basi. Bambo akamafunsa mtengo wa mbatatesi ku Tete, mwana wasukulu adikire.

Rauta ndiyo imagawa intanetiyo kwa onse a m'nyumba, popanda waya. Koma musanapereke ndalama kusitolo, funsani ngati ili ndi polowetsa modemu ya 3G kapena 4G, pakuti zina zilibe. Modemu ikakhala yawaya, waya wakewo ulowe pamene palembedwa WAN, osati LAN. Yatsani modemu poyamba, rauta pambuyo. Amene mumadalira sola, onani mavolti olembedwa kunsi kwa rauta musanailumikize kubatire, ingapse.

Tsono apa mpamene ambiri amagona. Rauta imabwera ndi senha yake ya kufakitale yolembedwa pakapepala kunsi, ndipo mlendo aliyense woitembenuza aiwerenga. Mawa lake mamega amene munagula ndi ndalama ya chimanga akudyedwa ndi anyamata okhala kuseri kwa nkhokwe. Pa foni lembani adiresi ili pakapepalako, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, musankhe WPA2, muike senha yanu ya zilembo ndi manambala osachepera 8. Dzina la mwana wanu ayi. Mudzi wonse ukulidziwa.

A kufupi ndi malire, ngati ku Calómuè, ikani modemu pawindo loyang'ana nsanja yakuno, ingamakoke netiweki ya ku Malawi.