Pamene Pakati pa Diso Pachita Mdima

Ngakhale kuti kuyambira masiku a Isake, amene pokalamba analephera kusiyanitsa ana ake awiri, anthu akhala akuyesa kuzirala kwa maso msonkho umene ukalamba umakhometsa aliyense, madokotala atiphunzitsa kuti matenda amene amadzetsa zimenezi ali ndi mayina awo ndiponso njira zawo. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala kotchedwa retina, ndipo pakati pake pali kadera kakang'ono kotchedwa macula, kamene timaonera chinthu chimene tachilunjika, kaya chilembo, kaya bowo la singano. Kaderako kakayamba kufooka, kawirikawiri munthu atapyola zaka 50, iye amaonabe zam'mbali nayenda m'nyumba osagunda mpando, koma mphuthu ya chitseko imaoneka yokhota, ndipo mdzukulu amene waima patsogolo pake amamudziwira mawu okha. Imeneyi si ng'ala, imene opaleshoni imachotsa. Ndi nthenda ina, yofala kwambiri mwa anthu a mtundu wa ku Ulaya, ndipo akatswiri anayerekeza kuti pofika 2020 inali itagwira anthu 196 miliyoni pa dziko lonse.

Nthendayi ili ndi mitundu iwiri: wouma umadya maso pang'onopang'ono ndipo ulibe mankhwala owabwezera. Wonyowa ndiwo waliwiro, pakuti pansi pa retina pamamera timitsempha tosalimba timene timachucha madzi ndi magazi. Mu 2006 boma la America linavomereza jakisoni wa ranibizumab, woletsa timitsemphato kukula, ndipo m'mayeso ake odwala oposa 9 mwa 10 aliwonse sanataye maso kwambiri, pamene mmodzi mwa atatu anayamba kuona bwino koposa kale. Ku Denmark chiwerengero cha anthu ochita khungu ndi nthendayi chinatsika ndi theka pakati pa 2000 ndi 2010.

Komatu funso limene ine ndiliyesa lalikulu n'lakuti, wopulumutsidwa ku khunguyo akukhala moyo wotani? Mwezi ndi mwezi, kapena pakapita miyezi iwiri, nkhalamba igonekedwa chagada, aidonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, aikanula zikope ndi kachitsulo, nailasa singano pa choyera cha diso; ndipo ngakhale kubayako sikutenga nthawi, tsiku lonse lathera pa ulendo ndi pa mzere, mwana woperekeza wasiya ntchito yake, ndipo usiku woti mawa abayidwa ena sagona tulo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa zaka zambiri kumalemera, ndipo wotopa nasiya kupita kuchipatala angathe kutaya zimene anapindula. N'chifukwa chake mankhwala a faricimab, ovomerezedwa mu 2022, amene mwa odwala ena amalola masabata 16 kudutsa asanabayidwenso, ndiwayesa chifundo chenicheni kwa banja lonse.

Dokotala amawerenga zilembo zimene wodwala watha kutchula pa chikwangwani, pamene wodwala amawerenga zina: ngati angatsegule Baibulo lake yekha, ngati angasankhe ndalama pamsika, ngati angapereke moni kwa mnansi asanamunene kuti wayamba kunyada. Bungwe la National Eye Institute la ku America linakonza mafunso 25 ofufuza zinthu zoterezi. Judi Dench, mayi wotchuka wa zisudzo wa ku Britain, anaulula mu 2012 kuti ali ndi nthendayi, ndi kuti mawu a sewero amachita kumuwerengera ena.

Palinso chinsinsi chimene okalamba ambiri amachibisa m'mtima. Maso akafooka, ubongo umadzipangira zithunzi, kotero kuti munthu wanzeru zake zonse amaona maluwa pakhoma kapena anthu achilendo m'chipinda, akudziwa bwino lomwe kuti palibe. Charles Bonnet wa ku Geneva analongosola zimenezi mu 1760, ataziona mwa agogo ake aamuna, ndipo mpaka lero vutoli limatchedwa ndi dzina lake. Ambiri amaopa kuzitchula kuti angayesedwe amisala, ndipo nthawi zambiri mantha awo amachepa pamene namwino kapena mwana wawo ayamba yekha kuwafunsa mwaulemu, nawafotokozera kuti zimenezo zichokera ku kufooka kwa maso.