Zikumbu zomwe zimadya masamba a zipatso usiku

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, kuno ku Kameza timamva dandaulo lomwelomwelo pakhomo ndi pakhomo: mbande ya pichesi kapena gwafa yomwe inali bwinobwino dzulo, lero masamba ali mabowo okhaokha, ena kwatsala mitsempha basi. Mwini wake amafufuza mtengo wonse masana, osapeza kanthu. Amathamangira kukagula mankhwala, kupopera dzuwa lili pamutu, koma mawa lake zapitirira. Wowonongayo sagwira ntchito masana ayi.

Ndi zikumbu zofiirira zija zimazungulira getsi madzulo n'kumagwera m'mbale. Masana zimabisala m'dothi pansi pa mtengo, kukada n'kukwera kukadya. Ndipo mbozi zoyera zopindika zomwe mumafukula popalira kapena pa mulu wa manyowa ndi ana a zikumbu zomwezi. Mbozi imadya mizu ya chimanga ndi mtedza, ikakula n'kutuluka ndi mapiko.

Mtengo waukulu wa mango musaudere nkhawa, umaphukanso. Vuto lili pa mbande, makamaka zomezanitsa zomwe tagula ndi ndalama. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala, pomwe zikumbuzi zatuluka kale, ndiye kamtengo ka masamba khumi kangathe kutsala ndodo.

Chomwe chatithandiza ife ndi tochi ndi chidebe. Kukangoda, yalani chiguduli kapena thumba pansi pa mtengo, gwedezani nthambi. Zikumbuzi zikadzidzimuka zimadzigwetsa pansi. Zitoleni, muziponye m'madzi a sopo. Ngati mukufuna kupatsa nkhuku m'mawa, madziwo akhale opanda sopo. Usiku umodzi sukwanira. Bwerezani masiku otsatizana mpaka zichepe. Ana amaikonda ntchito imeneyi kuposa kutunga madzi, bola avale nsapato ndipo wamkulu akhale pafupi, chifukwa njoka nazo zimayenda nthawi yomweyo.

Mbande zazing'ono mungazifunditse neti yakale yong'ambika, yosokedwa bwino, madzulo n'kuvundukula m'mawa. M'munsi mangani pa tsinde, osati kukwirira m'dothi, mungatsekere zikumbu m'kati momwemo. Neti yabwino ikhale pogona ana.

Inu a ku Mangochi ndi Salima muli ndi mwayi womwe ife kuno timausowa: nimu ali paliponse. Sinjani masamba kapena njere zake, viikani usiku wonse, sefani, n'kupopera madzulo. Sapha pompopompo, koma chikumbu chimaipidwa nawo masambawo. Mvula ikatsuka, poperaninso.

Ena amagwiritsa ntchito katupe. Amagwiradi ntchito, koma asodzi mukudziwa zomwe katupe amachita m'madzi: amapha nsomba, ndi tiana tomwe. Mankhwala ambiri ogula m'sitolo ndi chimodzimodzi. Choncho musatsukire chopopera kapena chidebe m'nyanja, m'mtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba, ndipo ngati mitengo ili m'mbali mwa madzi, ingokhalani pa tochi ndi neti. Mukaganiza zogula mankhwala, yambani mwafunsa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, mutamutengera chikumbucho m'botolo.

Pomwaza manyowa, siyani nkhuku zipalase kaye mbozi zija musanathire pa mtengo.